Mmene woyimbira analowera mu rugby

Anzanga a m'kalabu, ena mwa inu mukukumbukira usiku wa pa 28 October 2023. Kunkatentha, ife titapanikizana m'kavidiyo sho kaja ka pa boma, tikuonera ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse cha rugby pakati pa South Africa ndi New Zealand. Ambirife tinapita chifukwa cha majezi obiriwira amene achimwene athu a ku Joni amatitumizira, malamulo ake osawadziwa n'komwe. Paja kuno ku Mzimba, kuyambira ku Jenda mpaka ku Embangweni ndi Edingeni, khomo lopanda m'bale ku Joni ndi losowa.

Theka la ola lisanakwane, kaputeni wa New Zealand, Sam Cane, anagunda Jesse Kriel kumutu ndi phewa. Woyimbira, Wayne Barnes wa ku England, anamuonetsa kadi yachikasu, ndipo anzake oonera pa kanema atabwereza chithunzicho anaisandutsa yofiira. Aka kanali koyamba munthu kutulutsidwa ndi kadi yofiira m'ndime yomaliza ya chikho cha abambochi. Ife m'sho muja tinasokosa, koma pabwalopo panalibe amene anazungulira woyimbira kapena kumuloza chala kumaso. Mnzanga wina anandifunsa kuti, "Kodi zimphona zimenezi zikumuopa chani kamunthu kameneka?" Funso limeneli ndi limene landilembetsa nkhaniyi.

Masewerowa anatenga dzina ku sukulu ya m'tauni ya Rugby ku England, kumene ana asukulu analemba malamulo ake oyamba m'chaka cha 1845. Nthawi imeneyo woyimbira kunalibe. Pakabuka mkangano, makaputeni awiri ankakambirana okha n'kugwirizana, basi mpira n'kupitirira. Bungwe la Rugby Football Union linakhazikitsidwa mu 1871, ndipo pa 27 March chaka chomwecho Scotland ndi England anasewera ku Edinburgh masewero oyamba a pakati pa mayiko. Mbali iliyonse kunali anthu 20, osati 15 ngati lero.

Koma kugwirizana kumavuta mbendera za mayiko zikalowapo. Mu 1884 England inagoletsa Scotland mwanjira imene a Scotland sanaivomere. A England ankati malamulowo analemba ndi iwo, choncho kumasulira kwake n'kwawonso. Chaka chotsatira Scotland inakana kusewera nawo. Mu 1886 Scotland, Ireland ndi Wales anayambitsa bungwe loona za malamulo m'mayiko onse, ndipo England inadzalowamo mu 1890. Bungwe limeneli ndi lomwe lero likutchedwa World Rugby. Kuchokera pamenepo mphamvu zoweruza zinachoka pang'onopang'ono m'manja mwa osewera n'kupita kwa munthu mmodzi wa wezulo. Chimene chinatsala pa mwambo wakale uja ndi chakuti kaputeni ndiye amalankhula ndi woyimbira, ndipo amalankhula mwaulemu.

Musaganize kuti ulemuwu ndi ufatsi wobadwa nawo ayi. Malamulo ndi amene amaukakamiza. Ukatsutsa chigamulo, woyimbira amasuntha penate mamita 10 kuloza kugolo kwanu. Penate yolowa ndi mapointi 3, kukagunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani ndi 5, ndipo kuumenya pambuyo pake n'kudutsa pakati pa mitengo ija ndi 2. Kadi yachikasu ndi mphindi 10 uli kunja, anzako 14 akuvutika okha. Tsono taganizirani: South Africa inapambana usiku uja 12–11, itagonjetsanso France 29–28 ndi England 16–15 m'masabata awiri a m'mbuyo mwake. Pamene kusiyana ndi pointi imodzi, pakamwa pa munthu mmodzi pangathe kuluzitsa dziko lonse. Siya Kolisi nayenso anapatsidwa kadi yachikasu m'chigawo chachiwiri, n'kukakhala pampando wake phee.

Kwa agogo athu amene anapita ku migodi pa Wenela, rugby inali mpira wa Mabunu. Chifukwa cha tsankho, South Africa sinasewere nawo zikho ziwiri zoyamba, cha 1987 ndi cha 1991. Pa 24 June 1995, ku Ellis Park mu Johannesburg, inagonjetsa New Zealand 15–12 m'nthawi yowonjezera, ndipo Nelson Mandela anapereka chikho kwa François Pienaar atavala jezi yobiriwira ya nambala 6. Mu timu imeneyo wosakhala mzungu anali mmodzi yekha, Chester Williams. Pofika 2019, pamene anathibula England 32–12 ku Yokohama, kaputeni anali Kolisi, wakuda woyamba pa udindowu, ndipo kutsogolo kunali Tendai Mtawarira wobadwira ku Harare. N'chifukwa chake jezi imene agogo ankaiyang'ana cham'mbali lero ikuyanikidwa pachingwe ku Manyamula.

Komatu ndisakunamizeni kuti ku rugby kulibe uchitsiru. Mu August 2002 ku Durban, sapota wina wa South Africa analowa m'bwalo masewero ali mkati n'kugwetsa woyimbira David McHugh wa ku Ireland mpaka phewa kuguluka. Amene anamuchotsapo anali osewera a matimu onse awiri, ndipo munthuyo analetsedwa kupondanso pa masewero a rugby m'dzikolo moyo wake wonse. Mu 2021 Rassie Erasmus, mkulu wa rugby ku South Africa, anajambula vidiyo yopitirira ola limodzi yodzudzula woyimbira Nic Berry, ndipo World Rugby inamuyimitsa ngakhale anali atangowinitsa chikho zaka ziwiri m'mbuyomo. Barnes yemweyo anthu a ku New Zealand anamusungira chakukhosi kuyambira 2007, pamene sanaone mpira woponyedwa chakutsogolo ndi a France ku Cardiff, chikhalirecho ku rugby mpira wa pamanja suloledwa kupita kutsogolo. Atayimbira ndime ya 2023 ija anapuma pantchito, ndipo iye ndi banja lake analandira mauthenga oopseza pa intaneti. Oyimbira amalakwitsa ndithu, ngakhale ali ndi makamera mbali zonse. Chimene ndaona m'mbiri imeneyi ndi chakuti wogwira woyimbira amalangidwa, kaya ndi sapota wamba kaya ndi bwana.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Mukudziwa mmene bonanza yathu ya mpira wa miyendo inathera ulendo watha: penate imodzi, miyala, woyimbira n'kuthawira m'chimanga atataya wezulo ndi silipasi. Munthuyo anabwera yekha pa njinga kudzatithandiza, alibe kamera, alibe womuthandiza pamzere. Pano tikumufunanso ndipo akukana, sindingamunene.

Pamsonkhano wa Loweruka ndidzapempha kuti tibwereke zinthu ziwiri ku rugby. Choyamba, kaputeni yekha ndiye azilankhula ndi woyimbira. Chachiwiri, wotsutsa chigamulo azikakhala kunja mphindi 10, ndipo sapota wolowa m'bwalo timu yake iziluza masewerowo. Mpira wosongoka uja tilibe, bwalo lathu ndi lafumbi lokhalokha moti kugwetsana ngati iwowo tingathyoke, koma ziwirizi sizifuna ndalama. Amene muli ndi maganizo osiyana mubwere nawo Lowerukalo, tidzakangane tili pansi.