Tisanakoleze Moto pa Mapepala a Odwala

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lija la kuno kuchigwa litafika paliwombo, ndinaitanidwa kukadzoza mkhristu wina wodwala pa chipatala china chaching'ono. Nditatha mapemphero, mkulu woyang'anira pamalopo anandikokera pambali nanditsogolera ku kachipinda kena ka kuseri. Atangokankha chitseko tinalonjeredwa ndi fungo la chinyontho ndi la mileme. M'menemo munali makatoni osanjikizana mpaka kudenga, odzaza ndi makaundula, makhadi a sikelo ndi mafayilo a odwala a zaka zambiri zapitazo. Makatoni a pansi anali atadyedwa kale ndi chiswe, ndipo ena anali ndi mzere wa matope wosonyeza pamene madzi osefukira analekeza. Mkuluyo anati: "Abambo, chipinda chino tikuchifuna kuti tizigonekamo amai odikira. Kodi tikatentha zonsezi, tichimwa?"

Sindinawayankhe tsiku lomwelo, pakuti funso lawo silinali lachibwana. Malo m'zipatala zathu ndi ochepa, ndipo mai wapakati amene akugona pakhonde ndi wofunika kuposa pepala lakale. Palibe chipatala pa dziko lapansi chimene chingathe kusunga pepala lililonse mpaka muyaya. Komabe pamene ndinali kubwerera kuparishi, ndikudutsa m'dera la Mfumu Kasisi, ndinakumbuka kuti mbiri ya chigwa chino ili ndi mau akeake pa nkhani imeneyi, ndipo ndi bwino kuti tiyambe tawamva mauwo tisanagwire machesi.

Dzina loti Kasisi lenilenilo likutikumbutsa za nthawi imene zolembera zinayamba kulowa m'chigwa cha Shire. Kasisi woyamba, amene ankadziwikanso ndi dzina loti Ramakukan, anali mmodzi mwa Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone kuchokera kumtunda kwa mtsinje wa Zambezi, nakhazikika kuno, nasanduka mafumu pakati pa Amang'anja. Livingstone anakwera mtsinje wa Shire koyamba mu 1859 mpaka analekezera pa mathithi a Kapichira. Pa ulendo umenewo anali ndi dokotala, John Kirk, amene ankalemba mosamala za zomera, za malungo ndi za mankhwala a kwinini. Mu 1860 bwato la Kirk linagubuduzika pa mathithi a Kebrabasa pa mtsinje wa Zambezi, pamene lero pali dziwe la Cahora Bassa, ndipo zolemba zake zambiri zinapita ndi madzi. Tingati kuyambira pachiyambi pomwe, madzi ndi mapepala sizinagwirizane m'dera lino.

Koma nkhani yolasa mtima kwenikweni ndi ya zaka za 1862 ndi 1863. Episkopi Charles Mackenzie wa Mpingo wa Anglikani atamwalira pa 31 Januwale 1862 kufupi ndi pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, anzake anachoka ku Magomero nadzakhala kwa Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa tsopano. Kumeneko mbusa Henry Scudamore anamwalira mu Januwale 1863, ndipo dokotala wawo John Dickinson anatsatira mu Malichi chaka chomwecho. Mu Epulo anamwaliranso Richard Thornton, mnyamata wodziwa za miyala, naikidwa kufupi ndi Kapichira. Za anthu amenewa tikudziwa maina awo, matenda awo, masiku a imfa yawo ndi manda awo. M'miyezi yomweyo chilala, njala ndi nkhondo za ogwira akapolo zinapulula Amang'anja osawerengeka, mwakuti alendowo analemba kuti ankaona mitembo ikuyandama mu Shire tsiku ndi tsiku. Nanga awo anali ayani? Anafa ndi njala yokha, kapena ndi kamwazi, kapena ndi malungo? Palibe kaundula amene analandira dzina la mmodzi yemwe mwa iwo. Mulungu yekha ndiye akuwadziwa.

Ichi ndi chifukwa chake makatoni a m'kachipinda kaja sindikutha kuwayesa zinyalala wamba. Kaundula wa chipatala cha kumudzi, pamodzi ndi buku la ubatizo la kuparishi, ndi malo oyamba pamene dzina la munthu wamba wa m'chigwa muno linalembedwa pamodzi ndi tsiku lake ndi vuto lake. Zipatala za boma, ndiponso za Mpingo monga Montfort ku Nchalo, Trinity ku Muona ndi Kalemba ku Bangula, zakhala zikulemba maina a alimi a thonje, asodzi a ku Dambo la Njovu, odula nzimbe ndi makanda awo. Zidzukulu za anthu aja oyandama opanda maina zinapeza mzere wawo m'buku. Chimenechi si chinthu chochepa ai.

Tikayang'ana mbiri ya dziko lathu tipeza kuti zolembedwa zatayika m'njira zitatu. Njira yoyamba ndi ngozi. Mu 1919 moto unatentha maofesi akulu a boma ku Zomba, nuwononga makalata ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda, ndipo mpaka lero ofufuza mbiri amadandaula ndi mpata umene motowo unasiya. Nyumba yosungira zolembedwa za boma, imene tsopano timaitcha National Archives, inadzakhazikitsidwa ku Zomba komweko mu 1947. Kuno kwathu mdani wamkulu ndi madzi. Tonse tikukumbuka kusefukira kwa Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 amene anagumula dziwe la magetsi pa Kapichira, ndi Freddy mu 2023. Nthawi iliyonse anthu anathawa ndi moyo wokha, ndipo timabuku ta kuchipatala, timene chiyambire zaka zoyambirira za m'ma 2000 wodwala amasunga yekha kunyumba, tinatsala m'matope. Pamene kabuku ka wodwala kapita ndi madzi, kaundula wotsala kuchipatala ndiye amakhala mboni yokhayo ya mankhwala amene munthuyo ankamwa.

Njira yachiwiri ndi kubisa. Pamene maiko a mu Afrika ankalandira ufulu, akuluakulu a boma la Britain anatentha makalata ena mwadala, ndipo ena anawatumiza kwawo mwachinsinsi. Mu 2011 boma limenelo linavomera kuti linkasunga mafayilo zikwizikwi pa malo otchedwa Hanslope Park, kuphatikizapo ochokera ku Nyasaland. Zimenezi zinaululika chifukwa cha mlandu wa nkhalamba za ku Kenya zimene zinazunzidwa pa nthawi ya Mau Mau, ndipo mu 2013 anthu oposa 5,000 analandira chipepeso. Mafayilo amene anapulumuka ku moto ndi amene anawaikira umboni. Phunziro lake nali: moto wokolezedwa usiku, popanda mboni, nthawi zonse umachititsa anthu kufunsa kuti kodi mukubisanji.

Njira yachitatu ndi yofala koposa, ndiyo kusalabada. Palibe amene walamula kuti mapepala awonongedwe, komanso palibe amene walamula kuti asamalidwe. Amangosiyidwa kwa chiswe, makoswe ndi denga lodontha, kapena wina amawatola nakakulungira usipa ndi mandasi kumsika. Apa choipa chimakhala pawiri, pakuti mbiri yatayika, ndipo chinsinsi cha wodwala chaululika. Ife ansembe tikudziwa kulemera kwa chinsinsi cha m'Sakramenti la Kulapa. Chimene munthu wanong'oneza dokotala si sakramenti ai, komabe ndi chinthu chopatulika, chifukwa munthuyo anavula ulemu wake pamaso pa mnzake pokhulupirira kuti adzasungidwa. M'mudzi m'mene aliyense amadziwa mnzake, pepala limodzi lokhala ndi dzina ndi matenda lingathe kuphwasula banja.

Wina angafunse kuti: kodi pepala la zaka makumi anai lingathandizenso ndani? Afunseni madoda aja amene anapita ku Joni kudzera mwa Wenela ndi Theba. Amalaŵi zikwizikwi anakumba golide ku South Africa, kufikira mu 1974 pamene ndege yonyamula anzathu inagwa ku Francistown ndipo boma linaimitsa ulendowo. Unayambanso mu 1977 nudzatheratu mu 1988. Ambiri anabwerera ndi fumbi la miyala m'mapapo ndi chifuwa chachikulu. Mu 2019 bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana 5 biliyoni randi zopepesera odwala matenda amenewa amene anagwira ntchito m'migodi ina ya golide kuyambira mu 1965, ndipo bungwe la Tshiamiso linakhazikitsidwa kuti lizigawa ndalamazo. Koma mai wamasiye kuti alandire kanthu ayenera kuonetsa umboni wa ntchito ya mwamuna wake ndi wa matenda amene anamutenga. Kalaliki amene analemba dzina la mdodayo m'kaundula wa odwala chifuwa sanadziwe kuti mzere umenewo udzakhala chuma cha ana amasiye.

Chitsanzo china chili ku Karonga. Kuyambira mu 1979 bungwe la LEPRA linayamba kufufuza za khate ku Chilumba, likulemba mabanja mudzi ndi mudzi, ndipo m'zaka za m'ma 1980 linasunga madontho a magazi pa timapepala. Patapita zaka, madontho omwewo atapimidwanso, anathandiza akatswiri kudziwa m'mene kachirombo ka HIV kanayambira kufala kumeneko, pa nthawi imene wodwala Edzi woyamba m'Malaŵi, amene anapezeka mu 1985, anali asanadziwike n'komwe. Zoonadi mau a akulu akoma akagonera, ndipo zolembedwa zina nazonso zimatero.

Tsono titani? Tisunge zonse? Iai. Mlimi wanzeru akamakonza nkhokwe sataya zonse, komanso sasunga zonse. Amapatula mbeu, amadya zodyedwa, nataya zofumbwa. Chofunika ndi chakuti kupatulako kuchitike masana, mwa dongosolo lolembedwa.

Choyamba, tiwerenge zimene tili nazo. Katoni iliyonse ilembedwe: muli chiyani, za chaka chiti, za wodi iti. Munthu satentha chimene sanachione.

Chachiwiri, tisiyanitse mitundu ya mapepala. Makaundula a obadwa, a uchembere, a omwalira, a chifuwa chachikulu, a khate ndi a miliri monga kolera ndi mbeu ya mtundu. Amenewa asayandikire moto. Mafayilo a ana asungidwe kufikira anawo atakula ndi kutha kudzifunsira okha. Mafayilo a odwala matenda a mgonagona, monga olandira ma ARV amene boma linayamba kupereka mwaulere mu 2004, ndi amoyo pamene eniake ali moyo. Pepala lililonse lokhudza mlandu kapena dandaulo limene silinathe lisakhudzidwe, ngakhale litakalamba chotani. Zotsalazo, monga mapepala obwereza ndi timakalata ta tsiku ndi tsiku, ndizo zoyenera kupatsidwa zaka zake, ndipo zakazo zikatha zichotsedwe.

Chachitatu, tisadzipatse tokha mphamvu. Zolembedwa za m'zipatala za boma ndi katundu wa mtundu wonse, ndipo malamulo a dziko anaika National Archives kuti iziweruza zoyenera kusungidwa ndi zoyenera kuwonongedwa. Ofesi ya zaumoyo ya m'boma iyenera kudziwa, ndipo kwa zipatala za Mpingo, Ambuye Episkopi ndi komiti ya chipatala ayenera kuvomera. Mu 2024 dziko lathu linakhazikitsanso lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'mabuku ndi m'makompyuta. Safunsa anadya phula.

Chachinai, pasanatenthedwe kanthu palembedwe buku lachidule, lonena dzina kapena nambala ya wodwala, chaka, ndi chimene anadwala. Amene ali ndi kompyuta ajambule masamba ofunika, koma asaiwale kuti makina naonso amafa, ndipo magetsi kuno amathima. Buku lachidulelo likhale pamalo okwera, ndipo lina lofanana nalo litumizidwe kumtunda kumene madzi safika.

Chachisanu, chimene chaweruzidwa kuti chiwonongedwe chiwonongekedi. Chitenthedwe mpaka phulusa pamaso pa mboni ziwiri kapena zitatu, ndipo mbonizo zisaine kalata yonena tsiku, malo ndi zimene zatenthedwa. Pasapezeke tsamba louluka ndi mphepo kunka kumsika.

Pa zimenezi Mpingo uli ndi chizolowezi chakale. Msonkhano wa ku Trento unalamula mu 1563 kuti parishi iliyonse izisunga mabuku a ubatizo ndi a ukwati, ndipo malamulo a Eklezia a 1983 akubwerezanso kuti mabuku akale a parishi asamalidwe bwino. Dayosizi yathu ya Chikwawa inakhazikitsidwa mu 1965, koma mabuku a maparishi ake ena ndi akale kuposa pamenepo. Wansembe aliyense anaonapo nkhope ya nkhalamba ikuwala itapeza dzina lake pa tsamba lofiira ndi ukalamba. Tsono ife amene timasamala chotere za buku la mzimu, tisanyoze buku la thupi, popeza Ambuye Yezu anathera masiku ambiri a utumiki wao pakati pa odwala, akuwafunsa ndi kuwakhudza mmodzimmodzi.

Sabata yotsatira ndinabwerera kwa mkulu uja ndi yankho langa. Ndinati: "Bambo, kutentha si tchimo, ndipo amai odikira apatsidwe chipinda chao. Tchimo lingakhale kutentha osayang'ana." Tinagwirizana kuti alembere akulu ao kalata yopempha chilolezo, ndi kuti poyembekeza yankho antchito a pachipatalapo, amene analonjeza kusunga chinsinsi, ayambe kupatula makatoniwo, pamene achinyamata a parishi akhoma mashelefu okwera m'chipinda china. M'katoni yoyamba imene anatsegula munali kaundula wa uchembere wakale, wodyedwa m'mphepete, koma maina akuwerengekabe. Ena mwa makanda olembedwa m'menemo lero ndi agogo, ndipo amadzakhala pa benchi ya chipatala chomwecho ndi zidzukulu zao kumsana.