Mkulu amene anamwa tizilombo ta kolera koma osafa

Pa 7 October 1892, mumzinda wa Munich ku Germany, katswiri wa zaukhondo Max von Pettenkofer anamwa dala msuzi wodzaza ndi tizilombo ta kolera. Anali ndi zaka 73. Anangotsekula m'mimba pang'ono, n'kuchira. Iye ankalimbana ndi Robert Koch, amene mu 1884 ali ku Calcutta ananena kuti kachilomboka ndi kamene kamayambitsa kolera. Pettenkofer ankati kachilombo pakokha n'kopanda mphamvu, mpaka katakumana ndi dothi lonyowa ndi louve.

Kodi kuchira kwakeko kunatsimikiza chiyani? Kunangoonetsa kuti kachilomboka si kokwanira pakokha: munthu angathe kukameza osadwala kwambiri. Koma mfundo yakuti popanda kachilomboka palibe kolera inatsala chiimire. Kuti aigwetse, anayenera kupeza wodwala kolera mmodzi yekha wopanda kachilomboka. Mafunsowa ndi awiri, ndipo mayesero ake anayankha limodzi lokha.

Chaka chomwecho, kolera anapha anthu oposa 8,000 ku Hamburg. Mzinda wa Altona, woyandikana nawo mpanda ndi mpanda, unkatunga madzi mumtsinje womwewo wa Elbe, kumunsi kwake kumene zonyansa za Hamburg zinkatsikira. Komabe kumeneko odwala anali ochepa kwambiri. Altona ankasefa madzi ake mumchenga, pamene Hamburg ankapopera anthu madzi osasefa. Kwa ine, umboni wa mizinda iwiriyi ndi wolemera kuposa kulimba mtima kwa mkulu uja.

Mu 1987, Charles Ragin anakonza njira yofufuzira yotchedwa QCA, yothandiza pamene tikuyerekeza malo ochepa, monga zipatala 15 kapena midzi 20. Pa chinthu chilichonse timafunsa padera: kodi paliponse pamene vuto lachitika, icho chinalipo? Nanga paliponse pamene chilipo, vuto limachitika? Chenjezo n'lakuti chinthu chopezeka paliponse, monga mvula m'dzinja, chimaoneka ngati chofunikira ngakhale chisakutiuza zambiri.

Inu alangizi a zaumoyo, mtsutso wa Pettenkofer mumakumana nawo m'midzi: "Ine ndamwa madzi a pachitsimechi kuyambira ndili mwana, bwanji sindinadwale?" Munthuyo sakunama, ndipo musamutsutse. Ambiri amene amameza kachilomboka sadwala kwambiri, koma amakatulutsa m'chimbudzi chawo. Mufunseni mwaulemu kumene anatunga madzi anthu amene agonekedwa kuchipatala sabata ino.