Mtanda wozondoka uja si wa Satana: zizindikiro za oyera mtima

Chithunzi cha Papa John Paul II atakhala pampando wokhala ndi mtanda wozondoka chimazungulirabe m'magulu a WhatsApp, ena n'kumati umenewo ndi umboni woti Akatolika amapembedza Satana. Chithunzicho n'chenicheni, chinajambulidwa mu March 2000 pafupi ndi nyanja ya Galileya. Koma mtandawo ndi wa Petulo Woyera. Mbiri ya Mpingo imati pomwe ankamupha ku Roma m'nthawi ya mfumu Nero, anapempha kuti amukhomere mutu uli pansi, poti anadziona wosayenera kufa ngati Ambuye ake. Papa amatengedwa kuti ndi mlowam'malo wa Petulo, ndiye chifukwa chake mtandawo unali pampando paja.

Kalelo anthu ambiri sankatha kuwerenga, choncho ojambula ankapatsa woyera aliyense kanthu komuzindikirira. Mukaona munthu wanyamula makiyi, ndi Petulo yemweyo, kuchokera pa Mateyu 16:19. Wa lupanga ndi buku ndi Paulo: bukulo ndi makalata ake, lupangalo n'lomwe anamudulira mutu.

Apa m'pamene ine zimandigwira mtima. Nthawi zambiri chomwe woyera wagwira m'manja ndi chida chomwe anaphedwera. Lawrence, dikoni wa ku Roma amene anaphedwa mu 258, amanyamula chitsulo chonga chija amawotcherapo kanyenya, chifukwa akuti anamuwotcha wamoyo. Mpaka pano ndi nkhoswe ya ophika, tangoganizani. Catherine wa ku Alexandria amaima pambali pa gudumu la minga. Lucy wa ku Sicily amagwira mbale yokhala ndi maso awiri, ndipo odwala maso amapempha kuti awapempherere.

Nthambi ya kanjedza imasonyeza wofera chikhulupiriro. Mudzaiona pazithunzi zambiri za Amaritiri 22 a ku Uganda, ngati Charles Lwanga ndi Kizito, awiri mwa amene anawotchedwa ku Namugongo pa 3 June 1886. Mayina awo mumawamva kale pamatchalitchi ndi masukulu kuno kwathu.

Duwa loyera la kakombo m'manja mwa Yosefe ndi chizindikiro cha chiyero. Olemba Uthenga Wabwino nawonso ali ndi zawo: Marko mkango, Luka ng'ombe, Yohane chiwombankhanga, Mateyu munthu wamapiko. Choncho ng'ombe yamapiko yojambulidwa pagome lowerengera Mawu ndi Luka chabe.