Cifukwa Cake Apolisi Angakane Kukuonetsani Fayilo Yanu

Lamulo la Data Protection Act la 2021 limatipatsa ufulu wodziwa zimene maofesi alemba zokhudza ife, ndi kukonzetsa zolakwika. Koma ufuluwu uli ndi malire. Apolisi akamafufuza mlandu angakane kukuonetsani fayilo yanu, kuopa kuti mboni zingaopsezedwe kapena umboni ungabisidwe. Lamulo la Access to Information la 2023 nalonso limalola kukana kotere.

Conco mukabwezedwa pa polisi kuno ku Chadiza, musafulumire kunena kuti pali cinyengo. Cimene sangakubiseni ndi cifukwa cokumangirani: malamulo aakulu a dziko lino akuti muuzidwe m'cinenero cimene mumamva. Mukaona kuti akukanizani popanda cifukwa comveka, tikulangizani kukadandaula ku Human Rights Commission.