Za Malungo a Ana a ku Ngala, Kale ndi Lero

Abale a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, palibe mmodzi wa ife amene sadziwa kutalika kwa usiku pamene mwana wamng'ono watentha thupi. Nkhawa imeneyi makolo athu a ku Ngala anaidziwa ife tisanabadwe. Tsono tifuna kulongosola m'mene anthu anapezera gwero la malungo ndi mankhwala ake, kuti tione chimene kholo la lero liyenera kuchita nayo nkhawa yake.

Ngala ali kumpoto kwa mtsinje wa Dwangwa, ndipo nyengo ya dzinja madzi aima m'madambo ndi m'minda ya mpunga. Pamenepo ana ambiri amadwala. Makolo athu anali openya bwino: anadziwa kutentha kwa thupi, kutupa kwa kapamba, ndi linjirinjiri limene ligwedeza mwana ndi kutembenuza maso ake. Koma gwero la nthenda analifuna m'nyumba momwe. Ena anati ndi tsempho, kuti bambo kapena mayi sanasunge mwambo. Ena anati ndi mfiti ya pa chibale. Chotero katundu wa mayi anali wowirikiza, pakuti anasenza mwana wodwala ndi mlandu womwe. Ndipo masiku anatha ndi kuombeza ula, nthenda ili kukula.

Koma tisawaseke, pakuti Azungu nawonso anali mumdima. Dzina lawo la nthendayi lichokera ku chinenero cha ku Italy, ndipo tanthauzo lake ndi mpweya woipa, popeza anayesa kuti ituluka m'nthunzi za m'madambo. Mankhwala anali nawo, ndiwo kwinini, wochokera ku khungwa la mtengo wa ku South America, amene Pelletier ndi Caventou a ku France anamusungunula mu 1820; koma chobweretsa nthenda sanachidziwe. Bishopu Mackenzie anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862, pafupi ndi pamene Ruo athira mu Shire, bwato lake litagubuduka ndi mankhwala ake atatayika m'madzi. Wansembe Arthur Sim, amene anatsegula misyoni ku Kota Kota mu 1894, anadwala namwalira komweko mu 1895.

Kuunika kunadza pang'onopang'ono. Mu 1880 dotolo Laveran, ali ku Algeria, anaona tizilombo ta malungo m'magazi a munthu wodwala. Mu 1897 Ronald Ross, ali ku India, anatipeza m'mimba mwa udzudzu. Pamenepo chinsinsi chinaululika: udzudzu uluma wodwala, nutenga tizilombo, nukatithira mwa wina. Mu 1899 dotolo Robert Howard anafika ku nyanja yathu kudzatumikira misyoni ya Likoma, nalimbikitsa kumwa kwinini ndi kumanga nyumba zabwino; ndipo mu 1902 chipatala cha St Anne's chinayamba ku Kota Kota. Koma kwa mayi wa ku Ngala thandizo limeneli linali kutali. Anayenera kubereka mwana ndi kuoloka Dwangwa ndi Bua, kapena kupalasa bwato pa nyanja ya mwera, ndipo ambiri sanafike.

Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kunafala kolorokwini, wotsika mtengo, amene pambuyo pake anagulitsidwa ngakhale m'timasitolo ta kumudzi. Koma tizilombo tinamuzolowera, ndipo ana anayamba kumwa osachira. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolorokwini ndi kutenga Fansidar. Mu 2007 anasinthanso natenga mankhwala amene tiwatcha LA. Pa 23 Epulo 2019 dziko lathu linakhalanso loyamba kupatsa ana katemera wa malungo m'maboma osankhidwa. Taonani chipatso cha ntchito izi pamodzi ndi akatemera ena ndi masikelo a ana: kafukufuku wa boma wa 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa, 234 amamwalira asanakwane zaka 5, wa 2015 ndi 2016 anapeza 63.

Kodi mbiri iyi itiphunzitsa chiyani? Choyamba, malungo sali mlandu wa mayi kapena wa bambo. Nyumba imene muli mwana wodwala isakhale bwalo la milandu. Apongozi ndi azakhali asunge mafunso awo, nathandize kutunga madzi ndi kuphika phala. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Chachiwiri, chimene chinapha ana a makolo athu ndicho mtunda ndi kuchedwa. Lero chipatala chili pa Ngala pomwe, ndipo kadontho ka magazi a pa chala kaonetsa msanga ngati ali malungo kapena ayi. Pakuti si kutentha konse kumene kuli malungo, kwina ndi chibayo kapena nthenda zina. Mwana akatentha thupi, tipite naye tsiku lomwelo. Akakana bere, akasanza chilichonse, akakomoka, kapena akafooka osadzuka, tisadikire kucha; bambo afune njinga usiku womwewo. Podikira ulendo timuvule zofunda zolemera, timupukute ndi kansalu konyowa ndi madzi ofunda pang'ono, ndipo mayi asaleke kumuyamwitsa.

Chachitatu, tisunge bwino zimene tapatsidwa. LA amwedwa kawiri pa tsiku masiku 3, ndipo tisaleke pakati poona mwana wayamba kusewera, kapena kusungira mng'ono wake mapiritsi otsala. Tikumbuke za kolorokwini. Neti yotchinga udzudzu ndi ya pa mphasa ya mwana. Tidziwa kuti njala ya ndiwo iwawa, ndipo ena aikokera kunyanja kukagwira usipa; koma usipa wa mbale imodzi sulingana ndi moyo wa mwana.

Nkhawa ya kholo sidzatha pansi pano, pakuti ibadwa pamodzi ndi chikondi. Makolo athu anali nayo opanda kopita. Ife tili nayo, ndipo njira tiidziwa. Chifukwa chake, abale, tiyendemo msanga, ndipo tikamva kulira kwa mwana m'nyumba ya mnzathu tidzuke tikamuperekeze, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.