Mkwiyo wa pamsewu: gwero lake ndi njira zoupewera

Mkwiyo wa pamsewu ndi khalidwe limene woyendetsa galimoto amaonetsa akapsa mtima ndi zochita za ena ogwiritsa ntchito msewu. Umayamba pang'ono, monga kuliza hutala mosalekeza, kutukwana pazenera, kapena kutsekereza dala galimoto imene ikufuna kupitirira. Ukakula, anthu amatsika n'kuyamba ndewu, ndipo nthawi zina moyo umatayika. Dzina lake la m'Chingerezi lidatchuka cha m'ma 1987 mumzinda wa Los Angeles ku America, pamene madalaivala ena ankaomberana ndi mfuti m'misewu ikuluikulu ya kumeneko.

M'mizinda ya m'Malawi zoputa mkwiyowu sizisowa. Mumsewu wa Masauko Chipembere ku Blantyre galimoto zimathinana m'mawa ndiponso nthawi yoweruka. Minibasi imaima mwadzidzidzi ikaona wokwera, njinga yamoto ya kabaza imatulukira kumene dalaivala samayembekezera, ndipo mafuta akasowa, munthu amene wagona pamzere sachedwa kulusa wina akamulowerera kutsogolo.

Komabe kuthinana kwa galimoto pakokha sikukwiyitsa aliyense mofanana. Katswiri wa maganizo a anthu Jerry Deffenbacher wa ku Colorado State University, pamodzi ndi anzake, adatulutsa m'chaka cha 1994 njira yoyezera mkwiyo wa madalaivala. Kafukufuku wake adaonetsa kuti amene amapsa mtima msanga ndiwonso amakonda kuthamanga ndi kuchita zoika moyo pachiswe. Gwero lenileni ndi mmene munthu amatanthauzira cholakwa cha mnzake. Iye mwini akaiwala indiketa amati wangoiwala, koma wina akatero amati ndi mwano. Chimene chimakolezera moto n'chakuti m'galimoto munthu amaona zitsulo ndi magalasi, osati nkhope. Nchifukwa chake bambo amene sangatukwane munthu pamaso mumsika amatha kutero ali pachiwongolero, mwina osadziwa kuti amene akumulalatirayo ndi mlendo amene wasokera, kapena ndi mayi amene akuthamangira kuchipatala ndi mwana.

Munthu akakwiya, thupi limatulutsa michere monga adrenaline, mtima umagunda kwambiri ndipo maso amangokhala pa amene wamuputayo. Apa ndiye pali ngozi. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi iliyonse, choncho dalaivala amene watembenuka masekondi awiri kuti abwezere mawu wayenda mamita oposa 30 osaona kutsogolo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga ndi apanjinga zamoto. Amenewa kawirikawiri sakhala nawo m'mkanganowo.

Phindu la kupupuluma nalonso ndi lochepa. Ulendo wa makilomita 10 umatenga mphindi 12 pa liwiro la makilomita 50 pa ola, ndipo umatenga mphindi 10 pa liwiro la 60. Mphindi ziwirizo zimathera pamaloboti otsatira.

Kupewa kumayambira kunyumba. Wonyamuka mochedwa, wosagona mokwanira kapena wochoka pamkangano amalowa mumsewu mtima uli kale m'mwamba, ndipo mowa umangoonjezera. Ali paulendo, dalaivala asiye mpata wa masekondi atatu pakati pa galimoto yake ndi yakutsogolo: yakutsogoloyo ikadutsa mtengo kapena chikwangwani, iye awerenge mpaka katatu asanafikepo. Mpatawu umachepetsa kuponda mabuleki mwadzidzidzi, komwe ndi chiyambi cha mikangano yambiri. Akamva kuti mtima wayamba kutentha, apume mozama kangapo, afewetse manja pachiwongolero, ndipo ngati sizikutheka aime pamalo abwino kufikira mtima utatsika. Akalakwitsa yekha, kukweza dzanja mopepesa kumazimitsa nkhani isanapite patali.

Nkhani imavuta pamene wokwiyayo ndi wina. Zikatero si bwino kumuyang'anitsitsa, kumuyankha kapena kupikisana naye. Ndi bwino kumupatsa njira apite. Akatsika n'kumayandikira, dalaivala akhome zitseko, atseke mazenera ndipo asatuluke. Ngati akumulondola, asalowere kunyumba kwake koma kupolisi kapena pamalo a anthu ambiri monga pomwetsera mafuta, atasunga nambala ya galimotoyo.

Malamulo a dziko lino salola mkwiyo kukhala chowiringula. Kuyendetsa galimoto mosasamala ndi mlandu pansi pa lamulo la zapamsewu la 1997, pamene kumenya munthu kapena kuononga dala galimoto yake kumazengedwa ngati mlandu waupandu, posatengera amene adayamba kulakwa pamsewupo.