Makina Opanda Zitsulo

Munthu wowerenga nyuzipepala za ku America za m'ma 1870, akapeza mawu akuti machine, amene ife timati makina, angayese kuti nkhaniyo ikunena za chigayo kapena injini ya sitima. Koma akapitirira pang'ono adzaona kuti makinawo alibe zitsulo, safuka utsi, ndipo ziwalo zake ndi anthu. Atolankhani a masiku amenewo ankatcha dzinali gulu la akuluakulu a chipani amene anafumbatira mzinda m'dzanja, ndipo ankatanthauza kuti, monga chimanga chithiridwa pamwamba ufa n'kutuluka pansi, momwemonso ntchito za boma, makontirakiti ndi timphatso zinkathiridwa pamwamba mavoti n'kutuluka pansi, chisankho ndi chisankho, osafunsa kuti woimayo ndani kapena walonjeza chiyani.

Makina otchuka koposa onse anali Tammany Hall, a chipani cha Democratic mumzinda wa New York, ndipo wowayendetsa, amene nyuzipepala zinkamutcha boss, ndiko kuti bwana, anali William M. Tweed. M'masiku ake nyumba ya khoti imene anaiikira madola 250,000 inameza madola oposa 10 miliyoni, kufikira mu 1871 pamene New York Times inasindikiza maakaunti a mzindawo, naye Thomas Nast wa Harper's Weekly najambula Tammany ngati kambuku wolusa. Tweed anamangidwa, anathawira ku Spain, anagwidwa mu 1876, namwalira m'ndende mu 1878. Koma zisanathe zaka zambiri Tammany inali ikupambananso zisankho pansi pa mabwana ena. Apa mawu aja ananena zoona, pakuti chitsulo chimodzi chikathyoka amaikapo china, chigayo n'kuliranso.

Komabe pali china chimene mawuwo anaphimba. Wonena kuti makina amanena chinthu chopanda mtima, chosadziwa nkhope ya munthu, pamene mphamvu yonse ya Tammany inagona pa kudziwa anthu mayina. Taonani mlendo wochokera ku Ireland, wotsika m'chombo wopanda mbale womulandira: amene ankamupezera ntchito yokonza misewu, namuthandiza kupeza mapepala a unzika, anali kapitawo wa chipani wa m'dera lakelo. Nyumba ikapsa pakati pa usiku, kapitawoyo ankafika moto usanazime, napezera ana zofunda ndi pogona. Chisanu chikalimba, thumba la malasha linkapezeka pakhomo pa mkazi wamasiye. Mnyamata akagwidwa ndi apolisi, ndi iyeyo ankakanong'oneza woweruza. Akulu anati kupatsa n'kuika, ndipo tsiku la chisankho ndilo linali tsiku lokatenga choikacho. Olemba onga Lincoln Steffens, amene buku lake la The Shame of the Cities linatuluka mu 1904, anaulula mmene mizinda inkaberedwera, ndipo sanalakwe. Koma wofulumira kudzudzula wosauka kuti wagulitsa ukulu wake ndi mphodza monga Esau, ayambe wafunsa ngati panali wina womugawira chakudya tsiku limenelo.

N'chifukwa chake makinawo sanafe ndi zithunzi kapena milandu yokha. Kuyambira ndi lamulo la Pendleton la 1883, ntchito za boma zinayamba kupezeka mwa mayeso. Mu 1924 chipata cha alendo chinachepetsedwa. Ndipo m'ma 1930, muulamuliro wa Franklin Roosevelt, boma linayamba kupereka mwalamulo thandizo limene bwana ankapereka ngati chifundo chake. Ku Chicago makina a Richard J. Daley anakakamira kufikira imfa yake mu 1976, koma m'mizinda yambiri, wosauka atapeza khomo lina logogodapo, chimanga chinaleka kufika kuchigayo, ndipo chigayo chinangoti zii.